Bambo a Masiku Khumi Khumi

"Lero ndi pa 31, alamu, ndipo pa 31 si panga."

Anatero mkazi wa Mphunzitsi, chala chili pa kalendala ya pabalaza. Kalendalayo inali yolembedwalembedwa ndi zolembera za mitundu itatu, chofiira, chabuluu ndi chakuda, koma tsiku lomaliza la mwezi linali loyera, lopanda mwini.

"Si panganso ine," anayankha Telala, tepi yoyezera ili m'khosi monga mwa masiku onse. "Masiku anga amayamba pa 1. Kodi 31 inasanduka liti 1?"

"Ndiye agona kuti lero?"

"Pomwe anagona dzulo. Pansi pasamuka kodi?"

"Ine khumi anga ndakwanitsa. Matiresi ndatulutsa kale, ndi awo ali padzuwa, ndipo matumba ndabwezeramo m'kachipinda muja."

"Mwezi wa Febuluwale munapuma masiku awiri athunthu, ife tinangokhala chete. Lero tsiku limodzi lokha lakulemerani?"

"Febuluwale sindinamudule ndine."

"Alamu, mvetsani," anatero Telala. "Bambo a ana afika madzulo ano kuchokera kumgodi. Munthu amaoneka kamodzi pamwezi, ndiye angolowa n'kupunthwa pa apongozi ake atagona pafupi ndi makina osokera?"

Amene ankakambidwayo anali pakhonde, kuseri kwa zenera lotsekula, chikwama cha zovala chili pakati pa miyendo, bokosi la zipangizo lili pambali. Anali bambo ake a Telala, apongozi ake a mkazi wa Mphunzitsi, ndipo zenera limene mawuwo ankatulukirapo analipanga okha. Anthu ankawatchula a Sikweya, chifukwa pa zaka makumi anayi za ukalipentala sanakhomepo thabwa asanaligunditse sikweya, chida choyezera makona. Ngakhale mpando wa kwa eni ankayamba auyang'ana ndi diso limodzi asanakhalepo.

Chimwalirireni akazi awo zaka ziwiri zapitazo, ana awo atatu anagwirizana kuti mwamuna wachikulire sangakhale yekha. Adzadya chiyani? Adzachapa bwanji? Choncho anawagawana mwachikondi. Masiku khumi oyamba a mwezi anali a Telala, mwana woyamba. Khumi apakati anali a Dalaivala. Khumi omaliza anali a Mphunzitsi, chitsirizira cha m'banjamo, amene anasamukira m'nyumba ya bambo akeyo kuti ingadyedwe ndi chiswe. Poti munthu wa masiku khumi safuna chipinda chachikulu, Mphunzitsi ndi mkazi wake anatenga chipindacho ndi bedi lake lomwe, ndipo mwini nyumba ankayalidwa matiresi m'kachipinda kosungiramo matumba.

Mphunzitsiyo analipo pamkanganowo. Anali patebulo akuchonga makope a ana a sukulu, ndipo pa nkhani za m'nyumba ankachonga mbali zonse ziwiri.

"Iwe, tanenapo kanthu," anatero Telala. "Si bambo ako kodi?"

"Zomwe mukunena achemwali n'zomveka," anatero Mphunzitsi osadzutsa mutu. "Komanso mayi a kunowa ali ndi mfundo."

A Sikweya anatsokomola. Sichinali chifuwa ayi, kunali kungokumbutsa anthu kuti zenera ndi lotsekula.

"Musavutike, ana inu," anatero. "Ndikagona kwa a Sipoko."

Akazi awiriwo anatulukira pakhonde nthawi imodzi. Anati zimenezo n'zochititsa manyazi, anthu adzati ana awo ali kuti, munthu wobala atatu angakagone bwanji pakati pa matayala a njinga. Analankhula mokhudzidwa kwambiri. Koma chikwama chija palibe anachigwira, ndipo a Sikweya anachikoleka paphewa, n'kunyamula bokosi lawo, ulendo.

Kuderako amuna ankakhala mosiyanasiyana, ndipo palibe ankadabwa mnzake. Ena ankakhala ndi mkazi ndi ana, mpaka aphwawo ndi alamu awo, nyumba ngati basi ya m'mawa. Ena, monga mwamuna wa Telala, ankagona kuntchito pa mabedi osanjikizana n'kumabwera kwawo ngati oyendera sukulu. Ena anali ndi ndevu zoyera koma akudyabe kwa amayi awo. Dalaivala anali ndi makomo awiri ndi akazi awiri, koma tulo tambiri ankagonera m'lole. Ndiye panali a Sipoko, okonza njinga, amene ankakhala okha kuseri kwa shopu yawo ndi mphika umodzi, kapu imodzi ndi wailesi. Zaka khumi ndi ziwiri zinali zitadutsa akuphika okha, akuchapa okha, ndipo mokhumudwitsa onse amene ankalosera, anali asanafe.

"Pa 31 pakwananso?" anafunsa a Sipoko, akupopa tayala.

"Pakwana."

"Kapu ndi imodzi, mukudziwa. Muyamba ndinu, ine ndimwera m'chitini." Anasiya pampu n'kuwayang'ana anzawowo. "Achimwene, akuluakulu anati mapanga awiri avumbwitsa. Inu muli nawo atatu."

"Ndi ana abwino," anatero a Sikweya. "Sanandigoneke ndi njala ngakhale tsiku limodzi."

"Ngakhale mbuzi yobwereka imadyetsedwa."

A Sikweya anatulutsa sikweya yawo m'bokosi n'kuigunditsa pa benchi ya a Sipoko, ndipo benchiyo inapezeka yopendekeka monga inalili mwezi wathawo.

M'mawa mwake anapita kwa Telala. Kumeneko ankagona m'chipinda chosokera, pakati pa makina ndi tebulo lodulira nsalu, ndipo ankadzuka ndi ulusi m'ndevu. Ankayenera kupinda zofunda dzuwa lisanakwere, chifukwa azimayi ankabwera kudzayezedwa, ndipo mayi sangakweze manja kuti amuyeze chiuno pali mwamuna wachikulire akufunafuna nsapato. Pa 11 anasamukira kwa Dalaivala, kunyumba ya mkazi wamkulu. Kumeneko malo awo anali sofa ya pabalaza. Sofayo anaipanga okha, yolimba bwino, koma anaipangira kukhalapo osati kugonapo. Akanadziwa kuti kutsogolo kuli zotere akanawonjezera phazi limodzi.

Masana, kaya ali kwa mwana uti, ankakhala pashopu ya a Sipoko. Kumeneko ndi komwe anawapeza mayi wa kalembera, tsiku lachinayi la masiku a Dalaivala. Anali mayi wa chipewa chachikulu ndi chikwama chodzaza mapepala, ndipo ankayenda khomo ndi khomo kulemba kuti m'nyumba iliyonse mumakhala ndani. A Sipoko anawamaliza m'mphindi ziwiri: munthu mmodzi, chipinda chimodzi.

"Nanga inu, bambo, mumakhala pano?"

"Ayi, mayi. Ine ndimangothandiza kuyang'ana njinga zikamakonzedwa."

"Nyumba yanu ndi iti?"

A Sikweya analoza kum'mawa, kenako kumpoto, kenako kumusi kwa msewu. Anatchula ana awo mmodzimmodzi. Mayiyo ananyambita chala n'kuyamba kutembenuza mapepala.

"Kwa a Telala ndinafikako Lachiwiri. Anthu asanu. Wachikulire mulibe."

"Anati chiyani?"

"Anati kumabwera agogo, koma ndi alendo, kwenikweni amakhala kwa achimwene awo." Anatembenuzanso. "Kwa a Dalaivala, mayi a pakhomo anati apongozi ali ndi nyumba yawo kumusi, kuno amangodzacheza. Kwa a Phunzitsi anati ndinu alendo a kumapeto a mwezi."

"Ndiye kuti sindinalembedwe paliponse."

"Simunalembedwe. Koma musadandaule, tikonza pompano. Ife timamulemba munthu pomwe amagona masiku ambiri. Inu mumagona kuti masiku ambiri?"

"Khumi, khumi, khumi."

"Nanga mwezi ukakhala ndi tsiku lapamwamba?"

"Limenelo ndi langa," anatero a Sipoko ali pansi pa njinga. "Pachaka amagona pano kasanu n'kawiri."

Mayi uja anayang'ana pepala lake nthawi yaitali. Anawawerengera mabokosi onse kuti asankhe okha: wokhala yekha, wokhala ndi mkazi, wokhala ndi mkazi ndi ana, wokhala kwa makolo, wogona kuntchito, wokhala kwa mwana wake. Lomalizalo linali pafupi, koma linkafuna nambala ya nyumba imodzi.

"Bokosi la munthu wobwerekana ngati wilibala mulibe?" anafunsa a Sikweya.

"Mulibe, bambo." Mayiyo sanaseke. "Pa 1 ndidzadutsanso kumusi kuja kudzamaliza nyumba zomwe ndinapeza zotseka. Mukhale mutapeza yankho, chifukwa ndikapereka mapepalawa ndiye kuti basi."

Atachoka, a Sipoko anayesa kuponya nthabwala ziwiri zitatu koma sizinagwire. Mawu oti alendo anawapweteka a Sikweya kuposa msana. Sofa anaipirira, ulusi anaupirira, ngakhale bedi lawo la ukwati kugonedwa ndi mwana anazimeza. Koma kuti ana atatu, aliyense payekha, osapangana, afunsidwe za bambo awo n'kuyankha liwu limodzi lomwelo, zinawalowa mpaka m'mafupa. Mlendo ndi mame, amatero akuluakulu, ndipo mame palibe amawamangira nyumba, amangodikira dzuwa.

Pa 20 linali Lamlungu, ndipo Dalaivala anapezeka kuti ali kumudzi. A Sikweya anaitanitsa ana onse kunyumba yakale ija. Anakhala pabalaza, pansi pa kalendala, mwini nyumba atakhala pa mpando wa alendo.

"Ndili ndi pempho limodzi," anayamba. "Kachipinda ka matumba kaja mundipatse. Ndizikhala momwemo, osayendanso. Kuphika ndiphunzira, a Sipoko anaphunzira ali ndi imvi."

Mphunzitsi anayang'ana mkazi wake, mkazi wake anayang'ana kudenga.

"Bambo, takulakwirani chiyani?" anafunsa Telala. "Tikukusamalani bwinobwino."

"Mukundisamala. Sindikudandaula za mimba."

"Ndiye vuto n'chiyani?" anatero Dalaivala, makiyi a lole akuzungulira pachala. "Bambo, mutu umodzi susenza denga. Tikakusiyani pakhomo limodzi, mng'ono wathuyu atopa. Tikamagawana chonchi katundu amapepuka."

"Dengalo ndine?"

"Ayi, ndi mwambi chabe."

"Apongozi, musandimve molakwa," anatero mkazi wa Mphunzitsi, manja atawapinda mwaulemu pamaondo. "Ine ndimakukondani ngati bambo anga ondibala. Koma kachipindako kamakhala masiku makumi awiri kopanda ntchito. Ndinali nditaganiza kale zoikamo anapiye mwezi wa mawa. Inu mukabwera tizingowasunthira pakona."

"Anapiye amafuna kutentha," anavomereza Mphunzitsi. "Komanso zomwe akunena bambo n'zomveka."

Apa Dalaivala anawongola msana, monga munthu amene wabwera ndi nkhani yabwino. Anati iyenso anali ndi mfundo. Mkazi wake wamng'ono wakhala akudandaula kuti amaonedwa ngati si wa m'banjamo, poti apongozi sanagonepo kwake ngakhale tsiku limodzi, pamene mkazi mnzake amawalandira mwezi ndi mwezi. Bwanji makomo akhale anayi? Sabata imodzi imodzi. Aliyense apepukidwe masiku atatu.

Nkhope za pabalazapo zinawala. Telala anayesa kubisa, koma a Sikweya anamuona akuwerenga pa zala pansi pa tebulo.

"Masabata anayi ndi masiku 28," anatero a Sikweya. "Nanga otsalawo?"

"Amenewo tidzaona, bambo. Chachikulu ndi kugwirizana."

Mkazi wa Mphunzitsi anali atanyamuka kale kukafuna cholembera cha mtundu wachinayi. Anapeza chobiriwira. Anagwirizana kuti dongosolo latsopano lidzayambe pa 1, ndipo kuti ulemu woyamba upite kwa mkazi wamng'ono wa Dalaivala, yemwe anali ndi mphasa yatsopano ndi khonde lotchinga bwino.

A Sikweya anayang'ana ana awo mmodzimmodzi. Anakumbukira kuti aliyense wa iwo pa ukwati wake anamupangira bedi, lopala bwino, la mabawuti anayi, chifukwa achinyamata amasamukasamuka ndipo bedi lawo liyenera kumasuka. Mabedi atatu, ndi lachinayi lomwe linali kuseri kwa chitseko icho. Anamva chisoni, ndipo pansi pa chisonicho anamva kanthu kena kouma ngati mfundo ya m'thabwa.

"Chabwino," anatero. "Koma msana wanga wakana zogona pansi. Masiku khumi anga a muno ayamba mawa. Mundilole ndipange bedi langa."

"Zimenezo ndiye nzeru," anatero Dalaivala. "Lopepuka, bambo, loti tizingoliponya pa lole."

"Matabwa aja ali kudenga mukanditsitsire," anatero a Sikweya.

Anali matabwa a mtengo wolimba, ofiira, amene anawasunga pamwamba pa mitanda zaka makumi awiri. Malemu akazi awo ankafuna kabati, koma kalipentala amamaliza za eni kaye, ndipo za eni sizitha. Mkazi wa Mphunzitsi anakondwa kwambiri kuti matabwawo achoka, poti ankati ndi amene amasunga makoswe.

Tsiku loyamba a Sikweya sanadule kanthu. Anatulutsa matumba, anasesa, n'kuyeza kachipindako m'litali ndi m'lifupi. Anayeza khomo. Anamwa tiyi, n'kuyezanso khomo lomwelo, ndipo manambala anawalemba ndi pensulo pakhoma, kuseri kwa chitseko. Tsiku lachiwiri analowetsa matabwa limodzilimodzi n'kutseka chitseko, ati kuopa utuchi ungalowe pabalaza. Mpongozi wawo anauza anzake kumpopi kuti apongozi ake ndi munthu woganizira ena.

Kuyambira pamenepo m'nyumbamo munkamveka sowo m'mawa, puleni masana, ndi kugogoda kwa tchizulo mpaka dzuwa kupendeka. Manja amene zaka ziwiri ankangonyamula chikwama anakumbukira ntchito yawo. A Sikweya ankaboola mphako m'miyendo ya bedi, n'kusema nsonga za matabwa a m'mbali kuti zilowe mothina, mpaka zikafuna kukana. Sanagule bawuti ngakhale imodzi. M'malo mwake anasema zikhomo za mtengo womwewo, zonenepa ngati chala chachikulu. Ankadya bwino masiku amenewo, ndipo tsiku lina Mphunzitsi anawamva akuimba mluzu.

Pa 27 a Sipoko anabweretsa chitini cha guluu. Analowa chammbali, n'kuyang'ana chimene chinkamera m'kachipindamo. Anayang'ana bedi, anayang'ana khomo, anayang'ananso bedi. Anatsekula pakamwa.

"Mwabwera ndi guluu kapena ndi mafunso?" anatero a Sikweya.

"Ndi guluu."

"Ndiye gwirani mwendo uwo, muuimike chilili."

Mwezi umenewo unathera pa 30, moti panalibe tsiku lokanganirana. M'mawa wa pa 1 lole ya Dalaivala inaima pakhomo ndi zingwe zake. Telala anabwera kudzaperekeza. Mkazi wa Mphunzitsi anali atabwereka kale katoni yaikulu ya anapiye ndi nyale yowatenthetsera. Anthu oyandikana nawo, poona lole, anayamba kusesa mabwalo awo cha kumpanda.

A Sikweya anatsekula chitseko. Bedi linali lokongola, zimenezo palibe anatsutsa. Linali lofiira, losalala ngati galasi, miyendo yake ngati ya njovu. Kumutu linagunda khoma, kumiyendo linagunda khoma linalo, ndipo mpata wotsala sukanalowa ngakhale chala cha mwana.

"Lalemera pang'ono, koma tilinyamula," anatero Dalaivala. "Iwe, gwira uko."

Ananyamula ndi mng'ono wake. Bedi linakwera pang'ono n'kuluma makoma onse awiri. Anayesa kulipendeketsa, linakana. Anayesa kulizungulitsa kuti mutu uloze kukhomo, koma m'kachipindamo munalibe pozungulira. Laimu anayamba kugwa pakhoma, ndipo Mphunzitsi anadzipana chala. Dalaivala anagwada n'kusuzumira kunsi, thukuta lili chuchuchu.

"Bambo, mabawuti ali kuti?"

"Mulibe."

"Misomali?"

"Mulibe."

"Ndiye limamasuka bwanji?"

"Silimasuka."

Mphunzitsi anakokera mlongo wake pambali, akuyamwa chala. Analankhula motsitsa mawu, koma m'nyumba imene a Sikweya anamanga okha ankadziwa pomwe mawu amadutsira.

"Akalamba, achemwali. Taonani, aiwala kuti bedi liyenera kutuluka. Mpake tinkati asamakhale okha."

"Tingogumula khoma la kuseri," anatero Dalaivala. "Tidzamanganso."

"Khoma limenelo lasenza mtanda waukulu wa denga," anatero a Sikweya. "Ndinauika ndine. Ukagumula, uyambe watulutsa ana m'nyumba."

A Sipoko, amene anafika osaitanidwa n'kutsamira pazenera, anauza mphepo kuti khoswe akakhala pamkhate sapheka.

"Ndiye tilidule pakati," anatero mkazi wa Mphunzitsi. Katoni ija inali ikadali m'manja. "Tikalumikiza komweko. Apongozi, tinagwirizana tonse pabalaza apa. Ine ndinalonjeza kale kwa wogulitsa anapiye."

"Sowo ndi iyo," anatero a Sikweya. "Ndainola dzulo."

Dalaivala anaitenga. Anali munthu wozolowera kuti katundu akakana kukwera amamukakamiza. Anaika mano a sowo pakati pa thabwa la m'mbali. Pamenepo a Sikweya anadutsa pang'onopang'ono, anakhala pabedi pafupi ndi sowoyo, anavula nsapato n'kuziika bwinobwino kunsi, zoyang'ana kukhomo.

"Dula, mwana wanga," anatero. "Ungosamala, mbali imeneyi ndi yomwe ndimagonera."

Dalaivala anayang'ana sowo, anayang'ana mapazi a bambo ake, masokosi obooka pachala. Kunja masache onse anali atasiya kusesa. Dzanja lake silinayende kutsogolo kapena kumbuyo.

Telala anavula tepi m'khosi, poti ndi momwe iye ankaganizira, n'kuyeza bedi. Anayeza khomo. Pokankha chitseko kuti ayeze bwino, anaona manambala a pensulo aja pakhoma: kutalika kwa chipinda, kutalika kwa bedi, ndipo pansi pake kukula kwa khomo, kolembedwa kawiri, kodulidwa mzere kunsi. Amene anamuphunzitsa kugwira tepi anali bambo omwewa, ndipo diresi yake yoyamba anamuphwasulitsa yonse chifukwa mbali imodzi inapitirira ndi kachala kamodzi.

"Siya sowoyo, iwe," anatero. "Sanaiwale."

Anakhala pansi, pa utuchi, tepi ili pamiyendo. Manyazi anamugwira mpaka anasowa poyang'ana.

"Bambo, bwanji osangotiuza?"

"Ndinakuuzani pa 20. Munati ndine denga."

Dalaivala anatsamiritsa sowo kukhoma mosamala, ngati ingalire. Mkazi wa Mphunzitsi anaika katoni pansi.

"Nanga anapiye anga?" anafunsa, koma tsopano motsitsa.

"Khola ndikupangirani mawa, mayi, kuseri kwa khitchini. Matabwa atsala. Limenelo likhala la mabawuti, muzilisuntha momwe mungafunire."

"Odi kuno."

Anali mayi wa kalembera, chipewa chake chili pamutu, atabwera monga analonjezera. Anthu a kumpanda anamulozera njira ndi masache. Anadutsa pabalaza, n'kuima pakhomo la kachipindako, poti mkati munalibe malo a munthu wina. Anayang'ana ana atatu, sowo, katoni yopanda kanthu, ndi mkulu wokhala pabedi wopanda nsapato. Pantchito yake anali ataona zambiri, choncho anangotulutsa pepala la nyumbayo.

"Bambo, yankho lija lapezeka?"

"Ndalikhalira."

"Ndiye ndikulembani nyumba ino. Pali wotsutsa?"

Telala anayang'ana Dalaivala, Dalaivala anayang'ana makiyi ake. Onse anatembenukira kwa Mphunzitsi, ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo wake wa pabanja Mphunzitsi anachonga mbali imodzi.

"Palibe," anatero. "Alembeni."

"Papepala pano mutu wa banja ndinalemba a Phunzitsi. Ndisinthe? Nyumbayi mwini wake ndani?"

Mphunzitsi anaweramitsa mutu. Mkazi wake anayang'ana chitseko cha chipinda chachikulu chija, n'kuyamba kupotokola nsonga ya nsalu yake. Aliyense ankadziwa amene anaumba njerwa za nyumbayo, ndipo aliyense anadikira.

"Musasinthe, mayi," anatero a Sikweya. "Mutu ndi yemweyo, ndiye ali ndi ana oti alere. Ine mungolemba kuti ndimagona muno."

Mayiyo analemba. Kenako anaimitsa cholembera pa bokosi lomaliza.

"Masiku angati pamwezi?"

A Sikweya anatsekula chikwama chawo chija, anatulutsa malaya awiri ndi thalauza, n'kuzikoleka pa msomali wa kuseri kwa chitseko.

"Onse," anatero. "Ndi pa 31 pomwe."